Ndani Atuluke Kunja kwa Msasa?

Lamulungu la 6 pa Chaka (Chaka B), 14 Febuluwale 2021
Mawu a Mulungu: Levitiko 13:1-2, 44-46; 1 Akorinto 10:31 mpaka 11:1; Marko 1:40-45



Lamulungu lapitali, Misa yachiwiri itatha, ndidatsalira kuthandiza achinyamata kupukuta mabenchi tisanalowetse gulu lina la anthu 50. Pa chidebe chosambira m'manja paja padaima akhristu awiri a mphakati umodzi, ndipo mawu awo ankamveka patali ngakhale onse adavala masiki.

Mmodzi ndi mayi amene amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pageti la sukulu. Chitsekereni sukulu mwezi watha, beseni lawo lili gada pakhonde. Iwo ankati: "Atitsegulire basi. Korona mwina indipeza, mwina ayi, koma njala yandipeza kale. Eni nyumba akufuna lendi, za mliri alibe nazo ntchito."

Winayo ndi bambo wachikulire, wodwala shuga, amene adaika mng'ono wawo masabata atatu apitawo osaloledwa kuona nkhope. Iwo ankati: "Mayi, mukadaona mmene munthu amavutikira akamasowa mpweya, simukadayankhula choncho. Akadatseka zonse, ndi tchalitchi chomwe, mpaka matendawa atachoka."

Atandiona adati, "Aphunzitsi, tiweruzeni." Ndidalephera. Onse awiri ankanena zoona, ndipo aliyense ankayankhula ali ndi bala lake. Ndayenda nawo mawu awo sabata yonse, ndipo nditatsegula mawu a Mulungu a lero ndidapeza kuti Mpingo watiikira patsogolo nkhani yomweyi.

Kumene tachokera

Mkangano umenewu si wachilendo pakati pathu. Pa 20 Malichi 2020 boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi, sukulu n'kutsekedwa. Pa 2 Epulo tidamva za odwala oyamba. Kenaka kudalengezedwa m'bindikiro wa masiku 21, woyenera kuyamba pa 18 Epulo. Mavenda m'mizinda yathu adatuluka m'misewu kukana, ndipo pa 17 Epulo bwalo la High Court lidapereka chiletso, bungwe la HRDC litadandaula kuti boma silidakonze mmene osauka adzadyere akatsekeredwa m'nyumba. M'bindikirowo sudachitike.

Mu Ogasiti adalamula kuti misonkhano isapitirire anthu 10. Atsogoleri a mipingo, pamodzi ndi maepiskopi athu, adadandaula kuti sadafunsidwe, ndipo patapita masiku ochepa chiwerengero chidakwera kufika 100. Chaka chikamatha ambiri tidaganiza kuti zatha. Masiki tidawapachika, maukwati adadzaza, Khirisimasi tidaidya ngati kale.

Januwale adatidzidzimutsa. Pa 12, tsiku limodzi, tidataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. M'mwezi umodzi wokhawo anthu omwalira ndi matendawa adaposa onse amene adamwalira nawo m'chaka cha 2020. Bwalo la masewera la Bingu ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zidasanduka malo ogonekamo odwala. Malamulo adabwerera: misika itseke 5 koloko madzulo, pasaoneke munthu woyendayenda ikakwana 9 koloko usiku, pamsonkhano pasapitirire anthu 50.

Tsopano zikuoneka ngati zayamba kuchepa, ndipo funso labweranso pa wailesi, mu minibasi ndi m'magulu athu a WhatsApp: atsegula liti? Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamumenya mwamphamvu, uswa mkhate umene banja limamwera. Ukamusiya, aononga zonse za m'nyumba. Mliriwu wakhala pa mkhate wa amphawi.

Lamulo la Mose lidali ndi khomo lobwerera

Mawu oyamba a lero ndi owawa. Munthu wopezeka ndi khate ankayenera kuvala zong'ambika, kuphimba kukamwa, kuchenjeza anthu mofuula kuti asamuyandikire, ndiponso kukakhala yekha kunja kwa msasa. Liwu loti khate m'buku la Levitiko likuimira matenda osiyanasiyana a pakhungu. Aisraele analibe mankhwala ake, choncho njira yokha yotetezera msasa idali kupatula wodwala. Chaka chatha tikadawerenga mawu amenewa ngati mbiri yakale. Lero, titaphimba kukamwa tonse m'tchalitchi muno, akutikhudza mwa njira ina.

Ndikupemphani kuti kunyumba mukawerenge mutu 13 wonse pamodzi ndi mutu 14. Mukapezamo zinthu zitatu zimene sizidalowe m'mawu a lero.

Choyamba, kupatula munthu sikunkachitika mwachisawawa. Ngati nthenda sinkadziwika bwino, wansembe ankamupatula masiku 7, n'kumuonanso. Ngati padali chikaiko, ankaonjezera masiku ena 7, n'kumuonanso. Padali nthawi yodziwika, padalinso kuyeza.

Chachiwiri, wolamula kuti munthu abwerere sadali wodwalayo chifukwa watopa, kapena khamu chifukwa lamusowa, kapena mfumu chifukwa ikufuna kutchuka. Adali munthu amene adapatsidwa ntchito yoyang'ana bala ndi kunena zimene waona.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chandigwira mtima, pa Levitiko 14:3 wansembe ndiye ankatuluka kunja kwa msasa kukamuona wodwalayo komwe ali. Msasa sunkaloledwa kumuiwala. Lamulo lomwe lidamutulutsa ndi lomwenso linkatumiza munthu kukamuyendera ndi kukonza mwambo womulandiranso.

Choncho Malembo amavomereza kuti pali nthawi yopatukana pofuna kusunga moyo. Koma amene watseka khomo wasenza ngongole kwa amene ali kuseri kwake. Kutsekera mayi wa mandasi uja m'nyumba popanda womufunsa kuti ana adya chiyani, ndi kusunga theka la lamulo n'kutaya theka linalo.

Zimene Yesu adachita

Mu Mthenga Wabwino, wakhate aswa malire, abwera kwa Yesu, agwada, napempha kuti ngati Ambuye afuna amuyeretse. Yesu agwidwa ndi chifundo, atambalitsa dzanja, amukhudza, ndipo khate lichoka nthawi yomweyo.

Ndamvapo ena akugwiritsa ntchito nkhani imeneyi ponena kuti mkhristu weniweni savala masiki. Akuti Yesu sadaope wakhate, ndiye ife tiope chiyani? Abale anga, tiyeni tisamale. Dzanja la Yesu linkachotsa nthenda. Dzanja langa ndi lanu likhoza kuipereka, ndipo matendawa amayenda ngakhale mwa munthu amene sakumva kupweteka paliponse. Satana adayesapo kuuza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu chifukwa angelo amugwira. Yesu adakana, nakumbutsa kuti Mulungu sayesedwa. Kuika moyo wako pachiswe pofuna kupulumutsa mnzako, monga akuchitira anamwino ndi madokotala athu, ndi chikondi. Kuika moyo wa agogo okhala nawo benchi limodzi pachiswe pofuna kuonetsa kuti uli ndi chikhulupiriro, ndi kudzikonda kovala zoyera.

Taonaninso kuti Yesu atamuchiritsa munthuyo sadamuuze kuti athamangire kunyumba. Adamutumiza kwa wansembe kuti akamuone ndi kuti akapereke zimene Mose adalamula. Yesu ankadziwa kuti munthuyo wachira, komabe adafuna kuti abwerere kwa anthu kudzera pa khomo loyenera, kuti mudzi umulandire popanda mantha. Mwini moyo adalemekeza ntchito ya woyeza.

Munthu uja sadamvere zonse. Adauzidwa kuti asauze aliyense, koma chimwemwe chidamupitirira, nayamba kulengeza paliponse. Sitingamudzudzule kwambiri, pakuti tonse tikadatero. Koma Marko akutiuza zotsatira zake: Yesu sadathenso kulowa poyera m'mudzi uliwonse, ndipo adayamba kukhala kunja, kumalo kopanda anthu. Nkhani idayamba wakhate ali kunja, Yesu ali m'mudzi. Ikutha wakhate ali m'mudzi, Yesu ali kunja. Adasinthana malo. Ndipo ulendo umenewo udakathera pa Gologota, kunja kwa mzinda, monga Kalata ya kwa Ahebri mutu 13 ikutikumbutsira, n'kutiitana kuti timutsatire komweko.

Yankho la Yesu pa vuto la munthu wopatulidwa lidali kusenza yekha mtengo wake. Apa ndi pamene pali funso lathu.

Funso limene tikulizemba

Tikamakangana zotsegula ndi zotseka, pafupifupi tonse timasankha mbali imene mtengo wake ulipiridwe ndi wina. Wolandira malipiro pakutha pa mwezi, amene angathe kugwira ntchito pa kompyuta ali kunyumba, savutika kunena kuti atseke. Wolipira ndi wa kabaza, kondakitala, mayi wa pamsika, mphunzitsi wa sukulu yoyima payokha amene salandira kanthu ana akakhala kunyumba, mtsikana wa Fomu 2 amene mwina sadzabwereranso m'kalasi. Tidaona chaka chatha mmene mimba ndi maukwati a ana zidachulukira sukulu zitatsekedwa miyezi yambiri. Wachinyamata wathanzi ngati ine savutikanso kunena kuti atsegule. Wolipira ndi agogo, wodwala shuga, wa kuthamanga kwa magazi, wa mphumu, ndi namwino amene agone m'wodi usiku wonse akugawa silinda imodzi ya okosijeni.

Paulo Woyera m'mawu achiwiri akulembera akhristu a ku Korinto amene ankakangana za nyama yoperekedwa kwa mafano. Ena ankati tili ndi ufulu wodya, ena ankakhumudwa. Paulo sadakane kuti ufuluwo ulipo. Adawauza kuti chilichonse, ngakhale kudya ndi kumwa, achichite molemekeza Mulungu, asakhale chopunthwitsa kwa wina, ndipo adadzipereka yekha ngati chitsanzo cha munthu wosafuna zomukomera iye mwini koma zokomera ambiri kuti apulumuke.

Tikatsatira Paulo, aliyense wa ife ayenera kudzifunsa funso lina asanafunse loti atsegula liti. Ngati maganizo anga atapambana, ndani avutike, ndipo ine ndimuchitira chiyani? Wofuna kuti zitsekedwe, kodi wakonzeka kugawana thumba lake la chimanga ndi banja limene geni yaima, makamaka mwezi uno wa Febuluwale pamene nkhokwe zili mbee? Wofuna kuti zitsegulidwe, kodi wakonzeka kuvala masiki moyenera, kukana kudzazana mu minibasi, kuchepetsa oitanidwa ku ukwati wa mwana wake, kukayezetsa akamva chifuwa ndi kukhala kunyumba akapezeka nako? Munthu amene sakufuna kulipira kalikonse pa mbali imene wasankha akungotumiza mnzake kunja kwa msasa.

Mpingo udadutsamo kale

Mu 1576 mliri woopsa udagwa mumzinda wa Milan ku Italy. Akuluakulu ambiri adathawa, koma Arkiepiskopi wa mzindawo, Charles Borromeo Woyera, adatsala. Anthu atalamulidwa kukhala m'nyumba, iye adaika maguwa pa mphambano za misewu kuti azitsatira Misa ali pa mawindo. Adagwiritsa ntchito chuma chake, mpaka kulowa m'ngongole, kudyetsa anjala. Adasamala moyo wa thupi, chakudya ndi mapemphero nthawi imodzi.

Mu 1873 Bambo Damien, wansembe wa ku Belgium, adapita kukakhala pa chilumba cha Molokai, kumene boma la Hawaii linkatumiza akhate. Adamanga nawo nyumba, adatsuka mabala awo, adawaika m'manda mwaulemu. Adatenga nthendayo namwalira mu 1889, ndipo Mpingo udamutcha woyera mu 2009. Kuno kwathu, ku Mua ndi ku Utale, ansembe ndi masisitere adasamala akhate zaka zambiri pamene ngakhale abale awo ankawaopa.

Ambiri tikukumbukiranso madzulo a pa 27 Malichi 2020, pamene Papa Francis adaima yekha m'bwalo la Petro Woyera ku Rome, mvula ikugwa, bwalo lili lopanda anthu. Adalalika za ophunzira ogwidwa ndi namondwe pa nyanja, natikumbutsa kuti tonse tili m'ngalawa imodzi. Sadaitane khamu kuti aonetse kulimba mtima, komanso sadaleke kupemphera ndi kudalitsa.

Anthu onsewa adalemekeza malire oteteza moyo, ndipo adakana kuti malirewo akhale chifukwa chotayira munthu.

Nanga atsegule liti?

Ine ndine katekisiti, za chipatala ndisiyira eni ake. Koma mawu a lero akutipatsa muyeso.

Tsiku lotsegula lisachokere pa kutopa kwathu. Tonse tatopa. Ana anga a kalasi ya Ukaristia woyamba akhala akundifunsa kuti adzalandira liti, ndipo ndimasowa chowayankha. Kwaya yathu yasowa, kupatsana moni wa mtendere tidasiya, madzi odalitsidwa pakhomo palibe. Koma kachilomboka sikadziwa kuti tatopa. Tidatopa mu Novembala, ndipo Januwale adatiphunzitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Oyeza anene zimene akuona: ngati mwa anthu oyezedwa opezeka nako akucheperachepera kwa masabata angapo, ngati m'zipatala muli mabedi ndi mpweya wokwanira, pamenepo khomo litsegulidwe pang'onopang'ono, kuyambira pa zofunika kwambiri monga sukulu za ana athu.

Tsiku lotsegula lisachedwenso chifukwa choti olamula ali pabwino. Chiletso chilichonse chili ndi amene akuchilipira tsiku ndi tsiku, ndipo chikapitirira nthawi yake chimasanduka nkhanza. Monga akhristu komanso nzika, tili ndi udindo wopempha atsogoleri athu zinthu zomveka: kuti atiuze zoona, kuti afunse amphawi ndi mipingo asanalamule, kuti nawonso asunge malamulo amene akutipatsa, ndiponso kuti ndalama za mliri zifike kumene zidalembedwera. Mafunso amene ali m'manyuzipepala masiku ano okhudza K6.2 biliyoni ayenera kuyankhidwa bwinobwino, pakuti ndalama imene yasochera ndi mpweya umene wina adausowa. Kufunsa zimenezi mwaulemu si kuukira boma. Ndi kukumbutsa wansembe wa m'buku la Levitiko kuti ntchito yake imafika mpaka kunja kwa msasa.

Ndipo pokangana tisatukwanane. Amene akusiyana nanu maganizo mu gulu la mphakati si mdani, si wamantha, si wakupha. Kawirikawiri ndi munthu amene akuona bala limene inu simukuliona. Tisatumizenso mauthenga amene sitikudziwa gwero lake, kaya a mankhwala ozizwitsa, kaya oopseza anthu za katemera. Lamulo la 8 limagwiranso ntchito pa foni.

M'bindikiro wathu ukuyamba Lachitatu

Liwu loti m'bindikiro tidali nalo mu Mpingo boma lisanalibwereke. Kwa ife limatanthauza kupatuka kwa kanthawi kuti timve Mulungu, kenaka n'kubwerera kwa abale tili osinthika. Lachitatu likudzali, pa 17 Febuluwale, ndi Lachitatu la Phulusa, chiyambi cha masiku 40 a Lenti. Chaka chino, motsatira malangizo ochokera ku Rome, wansembe adzanena mawu kamodzi kwa tonse, kenaka adzawaza phulusa pamutu pa aliyense osamukhudza pamphumi. Zidzaoneka zachilendo, koma phulusalo ndi lomwe lija, ndipo chaka chino palibe amene akufunika kumukumbutsa kawiri kuti ndife fumbi.

Ndikupempha mphakati uliwonse kuti m'Lenti muno uchite zinthu zitatu.

Tilembe mayina a amene ali kunja kwa msasa m'dera lathu: okalamba amene asiya kubwera ku Misa, odwala amene adzipatula m'nyumba, mabanja amene adaika maliro mwachangu popanda owapepesa. Aliyense akhale ndi munthu womuimbira foni kapena womulonjera ali pabwalo kamodzi pa sabata, ndipo amene akufuna masakramenti tiwadziwitse Bambo Mfumu. Amene adachira tiwalandire, tisawaloze zala.

Zimene tisunge posala chakudya zipite kwa mabanja amene geni yaima. Ufa, nyemba, sopo, ngakhale kampamba kochepa koyambiranso. Wolandira malipiro akamagula, agule kwa mnansi wake wa pamsika, ndipo asanenerere mpaka kumufinya. Amene muli ndi nyumba za lendi, onani ngati mungadikireko mwezi umodzi.

Tisunge malamulo a m'tchalitchi popanda kung'ung'udza kwa otilandira pakhomo. Ngati malo 50 adzaza, tidikire Misa yotsatira kapena titsatire pa Radio Maria ndi pa Luntha TV, ndipo tisiyire malo amene sadalandire Ukaristia kwa nthawi yaitali.

Mayi ndi bambo aja ndidakumana nawonso Lachinayi, pa 11 Febuluwale, tsiku la Amayi Maria a ku Lourdes, pamene Mpingo umapempherera odwala. Sadagwirizanebe za tsiku lotsegula, ndipo mwina sadzagwirizana. Koma bambo aja adapempha kuti mayiwo aziwabweretsera mandasi a banja lonse m'mawa uliwonse n'kumawasiya pageti, ndipo adalipiriratu a mwezi wathunthu. Mayiwo adalonjeza kuti mwana wawo wamkulu azikawatengera mankhwala a shuga kuchipatala, kuti iwo asamakaime pamzere. Zimene ndidalephera kuweruza, iwo adazikonza okha.

Tipemphere.

Ambuye Yesu, mudatambalitsa dzanja lanu kwa munthu amene onse ankamuthawa, ndipo mudalola kukhala kunja kuti iye alowe. Chiritsani odwala athu, landirani amene atisiya, limbitsani anamwino ndi madokotala, patsani nzeru ndi chilungamo onse otilamulira. Dyetsani anjala kudzera m'manja mwathu. Tipatseni kudekha pamene khomo lili lotseka, ndi kusamala pamene lidzatsegulidwe, kuti pa Pasaka tidzaimbe Aleluya popanda amene tamusiya kunja. Amayi Maria, Mthandizi wa odwala, mutipempherere. Amen.

Ndikufunirani Lenti wabwino.

Katekisiti wa parishi